Makalata a Omvera: Msilikali Akabwera pa Tchuthi

Omvera athu okondedwa, takulandiraninso ku pologalamu ya makalata anu. Sabata ino thumba ladzaza, ndipo makalata ambiri akukamba za asilikali athu amene amabwera kwawo pa tchuthi kuchokera ku ntchito yosungitsa mtendere m'dziko la Democratic Republic of Congo. Ndiyamba ndi kalata imene yandikhudza kwambiri, yochokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe.

Mayiwa alemba motere: "Amuna anga ndi msilikali, ndipo anabwera pa tchuthi cha masiku ochepa. Ndinapha nkhuku, ana anasamba msanga, koma munthu amene analowa m'nyumba sanali yemwe ndinatsanzikana naye. Usiku ankakhala pakhonde mpaka tambala woyamba, ndipo tsiku lina njinga yamoto ya kabaza italira mophulika pamsewu, anadzigwetsa pansi ana akuona. Masana nyumba inkadzaza abale, uyu akufuna fizi, uyu feteleza, uyu malata, mpaka tsiku lobwerera linafika tisanakhale pansi awiri n'kucheza. Kodi chikondi chinatha, kapena apeza wina kumeneko?"

Mayi, mumtima mwa amuna anu sindingalowemo, koma zimene mwafotokozazi si zizindikiro za munthu amene wapeza mkazi wina. Wopeza wina amabisa foni pansi pa pilo, sadzigwetsa m'fumbi chifukwa cha njinga ya kabaza. Ndikupempheni kuti muganizire kaye kumene bambowa akuchokera. Kuyambira mu 2013 asilikali a Malawi, pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa, analowa m'gulu lapadera la United Nations limene linapatsidwa mphamvu zothira nkhondo zigawenga, osati kungolondera chabe. Ambiri agwira ntchito m'dera la Beni, m'chigawo cha North Kivu, kumene zigawenga za ADF zimabisala m'nkhalango yowirira. Kumeneko mu November 2018 tinataya asilikali asanu ndi mmodzi pa nkhondo imodzi, ndipo pakati pawo panali Chancy Chitete, amene anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania yemwe anavulala, n'chifukwa chake mu 2019 United Nations inamulemekeza ndi mendulo ya kulimba mtima yotchedwa Captain Mbaye Diagne. Mu January 2025 enanso atatu, amene anali m'gulu la SADC, anafa pomenyana ndi zigawenga za M23 kufupi ndi mzinda wa Goma. Aliyense amene wapita kumeneko amadziwa mayina amenewa, ndipo ena anawanyamula anthuwo ndi manja awo.

Munthu amene wakhala miyezi yambiri akugona khutu lili tcheru sasiya chizolowezicho chifukwa choti watsika ndege. Maso amaona kuti wafika kwawo, koma thupi limakhala likadali pa ulonda, ndipo phokoso lililonse ladzidzidzi limalimva ngati mfuti. Choncho musamufunse kuti anapha angati, ndipo ana muwauze mofatsa kuti asaseke zimene anaona zija. Ngati akufuna kukhala pakhonde usiku, mutengereni tiyi n'kukhala naye, ngakhale osayankhula. Akadzabweranso, ngati kusagonako kukupitirira, kapena wayamba kumwa mowa kuti tulo tibwere, kapena ukali wakula, mulimbikitseni akaonane ndi abusa a asilikali kapena achipatala cha ku bariki. Alangizi a za maganizo aliponso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso ku Zomba Mental Hospital kwanu komweko, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wachita misala. Koma ngati tsiku lina dzanja lidzakwezedwa pa inu kapena pa ana, musadzabise poti mukumumvera chisoni. Dzauzeni ankhoswe ndi akuluakulu a ku ntchito kwake.

Tsopano nditembenukire kwa abale, pakuti dandaulo limeneli labwera m'makalata ochuluka moti sindingalilumphe. Inu amalume, azakhali ndi alamu, munamva kuti wa ku Congo amabwera ndi madola, ndipo mumafika mamawa iye asanasukusule, aliyense ndi vuto lake m'thumba. Sindikukana kuti mavuto alipo, feteleza wakwera mtengo ndipo fizi sidikira munthu, komanso kuthandizana ndi chikhalidwe chathu chimene ine ndimachinyadira. Koma kodi mwa inu nonse alipo amene anamufunsa kuti, "Mwana wathu, ukugona bwanji?" Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo msilikali wa pa tchuthi ndi mlendo m'nyumba mwake momwe. Masiku ake ndi owerengeka, ndipo oyamba kuwalandira ayenera kukhala mkazi wake ndi ana. Maganizo anga ndi akuti banja ligwirizane tsiku limodzi loti abale onse abwere, adye, anene zosowa zawo, msilikaliyo athandize pamene angathe, kenaka chitseko chitsekedwe. Nanunso asilikali phunzirani kunena kuti "lero ayi". Munthu amene saopa nkhalango ya Beni asamanjenjemere pamaso pa azakhali ake.

Tipite kwa ena mwachangu. Gogo wina wa ku Mzimba akudandaula kuti mwana wawo anagona kumudzi usiku umodzi wokha, masiku ena onse anathera kwa mkazi wake ku Mzuzu. Agogo, thokozani kuti munamuona ndi maso, ndipo ulendo wina kwerani basi mukamupeze komweko, mpongozi wanu sadzakumanani nsima.

Msilikali wina wa ku Lilongwe akuti ndalama zimene ankatumiza kwa mchimwene wake kuti amange nyumba anakapeza zathera pa maziko, njerwa zitamera udzu. Achimwene, pepani kwambiri. Musathetse nkhaniyi ndi mkwiyo m'masiku ochepa a tchuthi. Itanani akuluakulu a banja, mchimwene wanuyo aonetse malisiti a simenti, ndipo kuyambira pano ndalama zizipita ku akaunti ya kubanki imene inu ndi akazi anu mukuiona.

Mayi wina wa ku Salima akuti mwana wawo wazaka ziwiri ankalira n'kubisala kumbuyo kwa chitenje bambo ake akafuna kumunyamula, ndipo bamboyo anakhumudwa. Mwanayo sanalakwe, iye amadziwa bambo wa m'foni. Bambo asamukakamize, azikhala pansi pamkeka n'kumasewera naye chapatali, adzabwera yekha.

Pomaliza, mnyamata wina wa ku Ntcheu akufunsa ngati n'kololedwa kupempha jombo za mlamu wake pamene wabwera pa tchuthi. Ayi, mphwanga, jombozo ndi katundu wa boma, ndipo mlamu wakoyo akufunika kubwerera nazo ku ntchito. Ngati ukuzisirira kwambiri, dikira asilikali akadzalengeza zolemba anthu atsopano, ukathamange nawo ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, akakupatsa zako zokukwana.

Makalata awiri a akazi amene nawonso ndi asilikali, ofotokoza zimene amapeza kunyumba akabwera pa tchuthi, tidzayamba nawo sabata yamawa.