Kabuku ka 50p m'chikwama changa

Moni nonse, kaya mukundimvera muli m'minibasi ya ku Ndirande, kaya mukupika ku Johannesburg, kaya mwangoweruka kumene ngati ine kuno ku Leeds, ku England. Mawu akusasa pang'ono, pepani, ndagona maola atatu okha.

Lamulungu lapitali mnzanga wa kutchalitchi anapisa m'chikwama changa kufuna cholembera, n'kutulutsamo kabuku ka chikuto chapinki: mtsikana wavala chipewa chadzuwa, kumbuyo nyanja ya ku Greece. Anaseka mpaka misozi. "Mayi wa Mvano ngati inu, zoona mukuwerenga zimenezi?" Ee, ndikuwerenga. Lero ndiulula zonse.

Matendawa ndinawatenga ku sekondale. Kabuku kamodzi ka nkhani zachikondi ka kampani ya Mills & Boon kankazungulira hostelo yonse, tikumakabisa m'kati mwa buku la Biology nthawi ya prep. Pofika kwa ine kanali katathothoka masamba omaliza, koma palibe ankadandaula. Tonse tinkadziwa kuti akwatirana basi. Kampaniyitu inayamba ku London mu 1908, ndiye agogo a kuno nawonso anakulira momwemo. Ndinaseka nditamva kuti pomanga msewu wa M6 Toll kuno ku England, umene unatsegulidwa mu 2003, anagaya makope pafupifupi 2.5 miliyoni a timabuku timeneti n'kusakaniza ndi phula. Ife tikulimbirana kamodzi kong'ambika!

Tsopano zimene ndimakonda ndi zachikondi cha patchuthi. Nkhani yake sisintha. Mtsikana watopa ndi ntchito, chibwenzi chamukhumudwitsa, akwera ndege ulendo ku chilumba cha Santorini ku Greece kapena kunyanja ku Cornwall kuno ku England, kumeneko akumana ndi mnyamata wamwano woyendetsa boti. Akangana, akanganenso, kenako mwadziwa kale. Azungu amagula pa bwalo la ndege mu Ogasiti kuti akawerengere pamchenga. Ine ndimagula m'mashopu a kaunjika, 50p (theka la paundi) kamodzi, ndipo mchenga wanga ndi kampando ka pulasitiki m'chipinda chopumira kuntchito, 3 koloko usiku.

Ndimasamalira okalamba. Mu Disembala kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, umapita kuntchito kuli mdima, kubwerako kuli mdima. Mutu umakhala wodzaza: visa itha liti, shifiti andipatsa zingati mwezi uno, fizi ya mwana wa achemwali, malata a nyumba ya amayi. Zonsezo sindidziwa kuti zidzathera pati. Ndiye wina andiuze kuti ndiwerenge buku lolemera loti munthu afe patsamba lomaliza? Ayi ndithu. Ndipatseni nkhani imene mathero ake ndikuwadziwa, mtima ukhaleko pansi mphindi 20.

Sindikuti ndi mabuku apamwamba. Ena amanyansa, mwamuna aliyense ndi mpondamatiki, ndipo sindinapezemo munthu akuwerengera ndalama ya lendi.

Kuntchito kuli agogo ena, maso anafooka, mwana wawo amawabwerekera a zilembo zikuluzikulu ku laibulale. Tulo tikawathawa amaliza belu kuti ndiwawerengere. Dzina langa amaiwala tsiku lililonse, koma woyendetsa boti uja samuiwala. Usiku wathawu anandigwira dzanja, amvekere, "Ameneyu ndi wabodza, asamukhulupirire." Ndinawauza kuti tidikire, kwatsala masamba 40. Ndilowanso ntchito usiku uno, ndiye ndisiyire pomwepa ndikagone.