Mtima womwewu, mitengo inayi: nkhani ya echo yanga kuno ku Indiana

Moni moni abale anga, kaya muli ku Ndirande, kaya ku Joni, kaya muli pa shifiti ya usiku ngati mmene ndimakhalira ine kuno ku Indiana, takulandiraninso. Gawo la lero ndikujambulira mu galimoto panja pa ntchito, ndiye mukamva kahita kakulira musadabwe, kunja kwayera mbee ndi sinowo ndipo ine situluka muno mpaka nthawi ikwane kkkk.

Ndinasowa masabata awiri, ena mpaka kundilembera pa WhatsApp kuti achemwali mwatitaya kodi? Sinakutayeni, ndinali pa nkhani ya mtima. Osati chibwenzi iyayi, mtima weniweni wopopa magaziwu.

Zinayamba chonchi, kunyumba ya agogo amene ndimawasamala kuli masitepe, ndiye ndikakwera nditanyamula zochapa ndimafika pamwamba ndili wefuwefu, mtima ukugunda ngati ng'oma ya pa gule. Ndinkangoti ndi kutopa basi, ma dabulo shifiti, khofi wa usiku. Koma zitapitilira ndinati ayi ndikaonane ndi dokotala. Mayi uja anaika chomvera chija pachifuwa, kumvetsera, kusuntha, kumvetseranso, nthawi yaitali kuposa masiku onse mpaka ine mmimba kuyamba kutentha. Kenako akuti ndikumva kaphokoso, eni ake amati murmur. Ndiye funso lake, kodi uli mwana unkadwaladwala zilonda zapakhosi? Ndinaseka. Ndani kwathu sanadwale zapakhosi, ankangotipatsa madzi a mchere basi mawa ku sukulu. Iye osaseka. Akuti zilonda zina zapakhosi zimabwera ndi bakiteriya, zikapanda kuchizidwa ndi penisilini zimatha kudzaononga ma valavu a mtima patapita zaka zambiri, ndipo matenda amenewa ku Africa akadalipo ambiri pomwe kuno anachepa kwambiri. Ndiye akuti ukapange echo.

Poyamba ndilongosole chifukwa anthu timasokoneza. ECG ndi ija amakumata timawaya pachifuwa, mphindi zochepa basi kapepala katuluka ndi timizere tokwera totsika, imeneyo imaona magetsi a mtima. Echo, dzina lonse echocardiogram, ndi sikani, ngati yomwe amapanga amayi oyembekezera ija, koma m'malo moona mwana akuona mtima, zipinda zake zinayi, ma valavu akutseguka ndi kutseka, komanso magazi akuyenda njira yoyenera kapena akubwerera m'mbuyo. Palibe singano, palibe cheza ngati cha X-ray, ndi mafunde a phokoso chabe.

Tsopano nkhani yalero ili apa. Mtsikana wa pa desiki anangondibukira tsiku ku chipatala chachikulu chimene kiliniki yawo ili pansi pake, ine ndikuti zikomo zikomo, kunyamula chikwama. Za mtengo sinafunse, kwathu tinazolowera kuti ku chipatala cha boma ukapita umangodikira pa benchi, mwina tsiku lonse, koma bilu palibe. Komanso ndinali ndi kamtima koti ndili ndi inshuwalansi ya kuntchito, amandidula pa cheke chilichonse, ndiye vuto lili pati.

Madzulo ndikuwafotokozera a Naphiri, amene anabwera kuno ine ndisanaganize nkomwe za pasipoti, iwo kungoika supuni pansi. Akuti mwafunsa kuti ndi zingati? Ndati ndili ndi inshuwalansi. Akuti mwana iwe, deductible yako ndi ingati? Ndinakhala chete. Safunsa anadya phula, anatero, mawa mmawa uyimbe foni.

Deductible, kwa amene simuli kuno, ndi ndalama imene umayenera kutulutsa wekha m'thumba chaka chilichonse inshuwalansi isanayambe kuponyapo zenizeni. Yanga ndi $3,000, ndipo imayambiranso pa ziro Januwale aliyense. Ife tinali mu Febuluwale. Kutanthauza kuti echo yonse inali pamutu panga.

Ndiye ndinayimba. Foni yoyamba ku chipatala chija, nyimbo yodikira mphindi 20, kenako munthu akuti ndipatseni khodi. Khodi yanji? Kuno chilichonse chimene dokotala angakupange chili ndi nambala yake, amati CPT code, ndipo ukapanda kuidziwa amangokuzungulitsa kuti zimatengera, zimatengera. Ndinayimbanso kwa dokotala wanga kufunsa, anandipatsa 93306, imene ndi echo yathunthu ya pachifuwa yokhala ndi Doppler, ija yoonetsa mayendedwe a magazi. Lembani nambala imeneyi penapake. Nditabwerera nayo zinthu zinayamba kuyenda. Mtengo wa pa buku lawo anandiuza $2,600. Podzera pa inshuwalansi yanga ukutsika kufika cha m'ma $1,350, ndiye pamwamba pake dokotala wa mtima amene adzawerenge zithunzizo adzatumiza bilu yake payekha. Osasintha ndalama zimenezi m'makwacha chonde, mungadwale mtima nanunso.

Foni yachiwiri ndinayimba ku ofesi ya madokotala a mtima oima paokha, mbali ina ya tauni. Khodi yomweyo, inshuwalansi yomweyo, $520, kujambula ndi kuwerenga komwe. Ndinamuuza mayi uja abwerezenso. Foni yachitatu ku malo ena ojambula masikani okhaokha, akuti ngati mulipira kashi tsiku lomwelo osadzera ku inshuwalansi, $380.

Abale, mtima womwewu. Jelo wopaka pachifuwa pojambula yemweyo. Kuchoka pa 2,600 kufika pa 380.

Ndinakhala pansi kufuna kumvetsa kuti chikuchitika nchani, chifukwa kwathu ukapita pa msika wa Limbe tomato angasiyane mtengo inde, koma osati mulu womwewo wina 500 wina 3,500. Chachikulu chimene ndinapeza nchakuti kuno sumalipira echo yokha, umalipira khomo limene walowera. Chipatala chachikulu chimaika chimene amati facility fee, ndalama ya nyumba titero, ya magetsi, ya ma nesi, ya chipinda cha ngozi chimene chimakhala chotsegula usiku wonse ngakhale iwe sunachipondemo. Ndiye bilu imabwera pawiri, ina ya malo ndi makina, ina ya dokotala wowerenga, amene mwina sudzamuona nkhope yake nkomwe. Ndipo chenjerani apa, zipatala zikuluzikulu zakhala zikugula ma ofesi a madokotala, ndiye umatha kulowa mu kanyumba kooneka ngati kiliniki wamba, pafupi ndi shopu ya pizza, koma pa pepala kamawerengedwa ngati nthambi ya chipatala ndipo facility fee ija ikubwera. Funsani mwachindunji, kodi bilu mumalemba ngati chipatala kapena ngati ofesi ya dokotala?

Chinanso, mtengo wa pa buku uja, wa 2,600, ndi anthu ochepa amalipiradi umenewo. Kampani iliyonse ya inshuwalansi imanenerera payokha ndi chipatala chilichonse, ngati mmene timachitira pa kaunjika, kungoti iwo amachita mu ofesi atavala mataye. Ndiye anthu awiri mutha kugona pa bedi limodzi lomwelo, wina 9 koloko wina 10 koloko, mitengo yosiyana chifukwa makadi anu ndi osiyana. Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba a zaka 65 kupita mtsogolo, imaika mitengo yakeyake ndipo nthawi zambiri imakhala yotsika kuposa ya makampani. Ukalowa malo amene sali pa mndandanda wa inshuwalansi yako, amati out of network, pamenepo ndiye walira.

Komanso echo siimodzi, apa ndiye kusiyana kwina nkomveka ndithu. Ilipo ya pachifuwa imene ndinapanga ine. Ilipo stress echo, amakuthamangitsa pa makina othamangirapo otchedwa treadmill kapena kukubaya mankhwala ofulumizitsa mtima ndiye amajambula usanayambe ndi ukamaliza, imeneyo imafuna anthu ambiri mchipindamo. Ndiye ilipo ya pakhosi, amalowetsa kachubu kokhala ndi kojambulira kudzera kummero kuti aone mtima chapafupi kuchokera kumbuyo, amakugoneka kaye ndi mankhwala, ndiye ogoneka anthu aja nawonso ali ndi bilu yawo. Mnzako akakuuza kuti ine ndinalipira zakuti, mufunse kaye kuti inali iti.

Pali malamulo awiri amene a Naphiri anandiuza ndipo ndinawaona akugwiradi ntchito. Kuyambira Januwale 2021 zipatala kuno zimayenera kuika mitengo yawo pa intaneti. Kuipeza ndi ntchito, imabisala pansi penipeni pa tsamba, koma ilipo. Ndiye kuyambira 2022 pali No Surprises Act, imene imati ngati ulibe inshuwalansi kapena wasankha kusaigwiritsa ntchito, uli ndi ufulu wopatsidwa mtengo woyerekeza pa pepala usanapange, amati Good Faith Estimate, ndipo bilu ikadzabwera yokwera ndi $400 kapena kuposa pamwamba pa pepala lija utha kukasuma pasanathe masiku 120. Abale ambiri amene alibe inshuwalansi kuno sadziwa zimenezi, amangoopa. Komanso zipatala zimene sizopanga phindu zimayenera kukhala ndi ndondomeko yothandiza ovutika kulipira, funsani fomu ya financial assistance, simukupempha ulere, ndi gawo la chifukwa chimene iwo sakhomera misonkho ina.

Tsopano mukuganiza kuti ndinathamangira ya 380 eti? Ayi. Ndinafunsa ku inshuwalansi, akuti ukalipira kashi kumbali sitikulonjeza kuti tiiwerengera pa deductible yako. Ndinaganiza kuti chaka changoyamba, sindikudziwa chimene apeze, mwina pakhala zoyeza zina, ndiye bola 520 imene ikuchotsera pa 3,000 ija. Ukanakhala Disembala ndikanatenga ya kashi osaganiza kawiri. Ndinafunsanso ngati pakufunika chilolezo chawo kaye, prior authorization, chifukwa ukadumpha chimenecho amatha kukana bilu yonse.

Tsiku lake linafika. Kachipinda kamdima, kagauni kotsegula kutsogolo, akuti gonerani kumanzere, dzanja pansi pa mutu. Jelo uja kuzizira kwake, mayo ine. Mnyamata wojambula akukanikiza kachipangizo pakati pa nthiti, pumani, gwirani mpweya, tulutsani. Kenako anatsegula sipika, ndinamva mtima wanga, osati gu gu gu ngati mmene timaganizira koma fyuu fyuu fyuu, ngati munthu akusesa pabwalo mmamawa. Pa sikirini mitundu yofiira ndi yabuluu ikuthwanima, ndiye penapake ndinaona ikusakanikirana, iye nkuima pamenepo nthawi yaitali, kudina, kuyeza, kudinanso. Ndati achimwene zili bwanji? Akungomwetulira, akuti ine saloledwa kunena, dokotala ndi amene awerenge. Mphindi 40 zimenezo ndinapemphera mapemphero onse a ku Mvano amene ndimakumbukira.

Patatha masiku atatu zotsatira zinabwera pa foni. Valavu imodzi, ya mitral, ikudontha pang'ono, koma mphamvu yopopa ili bwino, imene amati ejection fraction, 60 peresenti, akuti ndi mmene imayenera kukhalira. Wefuwefu uja akuti kwambiri ndi magazi ochepa ndi BP imene inakwera, ndiye ndili pa mankhwala, mchere ndachepetsa, usipa wouma uja anandibweretsera alendo ndikungouyang'ana mu kabati. Echo ndidzapanganso kutsogoloku kuti aziona valavu ija, ndipo khomo lolowera ndikulidziwa tsopano.

Koma ndinene ichi mwamphamvu, zoyimba mafoni ndi kufananiza mitengozi ndi za echo yochita kubukitsa. Chifuwa chikakugwira mwadzidzidzi, kupuma kukukanika, thukuta, dzanja kuchita dzanzi, imbani 911, nambala ya zadzidzidzi kuno, basi, osayamba kufunsa khodi. Lamulo la kuno la 1986 limakakamiza zipinda za ngozi kukuona ndi kukuthandiza kaye, kaya uli ndi ndalama kaya ulibe.

Ndiye Lamulungu ndinawayimbira amayi ku Thyolo kuwafotokozera zonse, mtima uli bwino, musadandaule. Iwo akuti tithokoze Mulungu, nanga analipiritsa zingati? Ndati 520 amayi. Anakhala kaye chete, kenako akuti, ii, ndiye ku America zinthu nzotchipatu, kuno imeneyo ngakhale buledi sugula.

Ndinangoti eya amayi.

Nthawi yakwana, agogo anga akudikira mankhwala awo a 10 koloko. Tionana sabata ya mawa.