Mphwanga, za ka DAC kako kaja

Halo mphwanga, ndi malume ako. Zithunzi zija ndaziona, ka bodi ka MCP4725 kaja, ka DAC kosintha nambala yochokera ku Arduino kukhala volteji, koti uziwongolera nako liwiro la pampu. Ndili mu minibasi, tangodutsa Manda Hill, ndiye ukamva kukuwa ndi kondakitala, osati ine. Ndikuuza pamawu chifukwa kulemba muno sindingathe.

Choyamba mawaya... ayi, dikira, ndiyambe ndi funso lako lija, loti bwanji osangogwiritsa analogWrite. Arduino Uno R3 ilibe DAC mkati mwake. analogWrite ija ndi PWM, imangoyatsa ndi kuzimitsa 5 volts mofulumira, pafupifupi ka 490 pa sekondi imodzi. Multimeter ikakuwonetsa 2.5 ikungokuwonetsa zapakati, volteji yeniyeni ikudumphadumpha. VFD ya pampu ya pa famu ku Chongwe ija, bokosi lowongolera liwiro la mota, imafuna volteji yokhazikika, ndiye ka chip kano ndi kake. Ndi ka 12 bit, umakapatsa nambala kuyambira 0 mpaka 4095. Ukakapatsa 0 katulutsa ziro, 4095 katulutsa pafupifupi volteji yonse yomwe ukukadyetsa, 2048 theka. Basi.

Mawaya ndi anayi, ukudziwa kale. VCC ku 5V, GND ku GND, SDA ku A4, SCL ku A5. A4 ndi SDA, A5 ndi SCL, usasinthanitse. Ukadzasamukira ku bodi ya ESP32 ndi mapini 21 ndi 22, ndipo uzikadyetsa 3.3 volts, koma zimenezo n'zamtsogolo.

Library, tsegula Library Manager, lemba MCP4725, tenga ya Adafruit. Ikakufunsa kuti uikenso ina yotchedwa Adafruit BusIO, vomera, usadine kukana pofuna kusunga bandulo, popanda imeneyo sketch, pulogalamu yako ija, sikompayila. Pamwamba include Wire.h ndi Adafruit_MCP4725.h, upange chinthu chako, uchitche dac, mu setup ulembe dac.begin ndi adiresi mkati.

Adiresi imeneyi tsopano. Zitsanzo za mu library zimabwera ndi 0x62, chifukwa bodi ya Adafruit yeniyeni ndi 0x62. Koma timabodi totchipa timene timagula ife, tambiri ndi 0x60, ndipo pini ya A0 ya pa ka bodiko ikakokeredwa ku VCC imakhala 0x61. A0 ya ka bodi, osati A0 ya Uno, usandimve molakwika. Ndiye usanalembe chilichonse, thamangitsa I2C scanner, ka sketch kofufuza adiresi ya chomwe walumikiza pa SDA ndi SCL, uone nambala yomwe ituluke pa Serial Monitor, imeneyo ndiye uike mu begin. Mnyamata wina wa ku Kalingalinga ndinamuuza zomwezi, iye akuti ayi bwana, ndakopera ndendende za mu chitsanzo. Anakagula ka bodi kachiwiri, kachitatu, akuti tonse n'takufa, anatsala pang'ono kukayambana ndi wogulitsa m'tauni. Tonse titatu tinali tabwinobwino, 0x60. Scanner ya mphindi imodzi, ndalama zake zikanatsala m'thumba. Scanner ikanena kuti palibe chomwe yapeza, pamenepo ndi mawaya, kapena mapini sunawotcherere bwino. Pa chithunzi chako chachiwiri ndaona ngati wangowalowetsa m'mabowo osawotcherera. Wotcherera, mphwanga, kungogwirizira ndi chala sikuthandiza.

Chabwino. Kutulutsa volteji ndi dac.setVoltage, nambala yako, chizindikiro cha comma, kenako false. Dzina likunama pang'ono, silifuna mavolts, lifuna nambala ya 0 mpaka 4095 ija. Ukalemba 3 poganiza kuti ndi 3 volts upeza timamilivolts tinayi tosakwana n'komwe, chifukwa sitepe imodzi pa 5 volts ndi 1.22 millivolts. Ndipo 4096 si pamwamba, ukalemba 4096 kabwerera ku ziro. Pamwamba ndi 4095.

Tsopano mvera bwino, apa ndi pomwe ine ndinagwa. Ndinalemba ka samu kosinthira mamilivolts kukhala nambala ya DAC. Mamilivolts kuchulukitsa ndi 4095, kugawa ndi 5000. Pa pepala n'zolondola, ngakhale mphunzitsi wa masamu angachonge. Koma ndinaika zonse mu int, mosungiramo nambala zathunthu mu pulogalamu. Pa Uno int ndi 16 bit, imathera pa 32767. Ndiye taona, 8 kuchulukitsa ndi 4095 ndi 32760, yakwana pothina. 9 yokha, mamilivolts 9, yasefukira kale. Kuchulukitsa kumayamba, kugawa kumabwera pambuyo, ndiye pofika pogawa nambala yawonongeka kalekale. Ndipo kompayila sinena kanthu, imangolandira.

Wamva? Ndibwereze. Ndikapempha 2500, yankho lenileni la kuchulukitsa ndi mamiliyoni khumi ndi kanthu, koma mu int mumangotsala nyenyeswa, ukagawa ndi 5000 kutuluka 2. Multimeter ziro. Ndikuti mwina ka chip kafa. Ndikapempha 1500, nyenyeswa zija zimatuluka za minus, minus 3, ndipo setVoltage salandira minus, amaiwerenga ngati nambala yaikulu, ka chip n'kutulutsa pafupifupi 5 volts yonse. Tangoganiza, ukupempha pang'ono kakupatsa zonse, ukupempha zambiri kakupatsa ziro. Ine masiku awiri ndikusintha mawaya, ndikusintha ma resistor, ndinafika pokayikira ngakhale chingwe cha USB. Azakhali ako akuti bwerani mudzadye nsima yazizira, ine ndili pa tebulo ndi tochi chifukwa magetsi anali atapita, inali 2024 ija madzi atachepa ku Kariba. Choipa kwambiri, tsiku loyamba ndinali nditalumikiza kale ku VFD. Ndikuti pampu iyambe pang'onopang'ono, inangolira mwamphamvu nthawi imodzi, paipi ya pa joini n'kusomoka, madzi thupi lonse. Mwini famu anangondiyang'ana osanena kanthu, zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

Mankhwala ake ndi chilembo chimodzi. Lemba 4095L, L wamkulu kumapeto, kapena mamilivolts ako uwaike mu long kapena uint32_t. Samu yonse ichitikira mu 32 bit. Kenako constrain pakati pa 0 ndi 4095, kenako Serial.println nambalayo uione ndi maso ako isanapite ku setVoltage. Ndikanangoisindikiza tsiku loyamba ndikanaona minus 3 ija pompo.

Eya, ndinadumpha false uja. Dikira, kondakitala akufuna ndalama... eya, ndabwera. False uja. Mawu achiwiri aja akufunsa kuti kodi nambalayi ndiisunge mu EEPROM ya ka chip, memory yosafufutika magetsi akazima? Mu loop nthawi zonse false. Ukaika true mu loop, kulemba kulikonse kumatenga mpaka 50 milliseconds, ndiponso EEPROM imatha, siilembedwa mpaka kalekale. Koma true ali ndi ntchito yake, kamodzi kokha. Ka chip kakangolandira magetsi kamatulutsa zomwe zili mu EEPROM, Uno isanadzuke n'komwe, ndipo kochokera ku fakitale kamabwera ndi 2048, theka. Ndiye magetsi akapita n'kubwera usiku, kwa kanthawi VFD iona theka la liwiro popanda amene waipempha. Ndiye panga ka sketch kapadera, setVoltage 0, true, kathamangitse kamodzi, kenako bwezera sketch yako yeniyeni. Zimitsa, yatsa, yeza OUT, pini yotulutsa volteji, uone ziro. Kamodzi kokha, wamva, osati mu loop.

Za 5000 uja, ndinati kugawa ndi 5000, komatu si 5000 weniweni. MCP4725 ilibe reference yakeyake, imayezera pa VCC. Uno ikamadya ku USB ya laputopu, pini ya 5V ikhoza kukhala 4.8 kapena 4.7. Ndiye yeza pini imeneyo ndi multimeter, ukapeza 4.82 lemba 4820 m'malo mwa 5000. Ndipo uyeze pa magetsi omwe idzagwiritse ku famu, osati a pa tebulo pako. Wina wa ku Matero anakonza zonse bwinobwino pa laputopu, kufika pamalo n'kuika chaja ya foni yotchipa, manambala onse anasuntha, akuti library ndi yabodza. Library yalakwa chiyani?

China, usayendetse chinthu cholemera ndi OUT ija, relay kapena ka mota, ayi. Ndi chizindikiro chabe, timamiliamps tochepa. VFD yako pa chithunzi yalembedwa 0 mpaka 10 volts, iwe uli ndi 5, ndiye pakufunika op-amp pakati, ka chip kokulitsa volteji, LM358 ikwana. Ma resistor awiri ofanana, 10k ndi 10k, kuti ichulukitse kawiri, OUT ya DAC ilowe ku mwendo wa plus. Koma LM358 uidyetse 12 volts, osati 5, chifukwa siifika pamwamba penipeni, imatsalira ndi volt imodzi ndi theka. Pa 12 ifika 10 bwinobwino. GND ya Uno, ya 12 volts, ndi ya analog input ya VFD zikumane pamodzi. Ndipo mkati mwa VFD usagwiremo itangozimitsidwa, ma capacitor amasunga moto, amayi ako angandiphe.

Ndiye usanalumikize ku pampu, yeza 0, yeza 2048, yeza 4095, kenako yesa ka samu kako ndi 1500 yeniyeniyo, 1500, uone ngati pa OUT pakutuluka 1.5. Tafika pa Chelstone, nditsike... Kondakitala, apa, apa! Unditumizire nambala ya scanner ija ikatuluka, ndi chithunzi cha mapini utawotcherera.