Musanatumize phukusi, litseguleni kaye

Chabwino tiyeni tiyambe, amene ali panja alowe, magetsi alipo pano ndiye tisachedwe. Zikomo a wapampando pondipatsa mpata, zikomonso nonse amene mwabwera, ndikuona ena ali ndi ma laputopu ena foni basi, palibe vuto, zomwe ndikambe lero mutha kungomvetsera kenako mukayesa kunyumba.

Nkhani yanga ndi ya kulongedza. Mwalemba pulogalamu, ikugwira ntchito bwinobwino pa kompyuta yanu, tsopano mukufuna anthu ena aziigwiritsa ntchito, azingolemba pip install ngati ndi ya Python kapena npm install ngati ndi ya JavaScript ndiye yafika. Funso ndi loti mu foda yanu ija muli mafayilo mwina 300, ndi ati amene alowe mu phukusi ndipo ndi ati atsale pakhomo. Amene munalongedzapo katundu wa mwana wopita ku sukulu yogonera konko mukudziwa mmene zimakhalira, mumafuna sopo alowe, bulangete lilowe, mbale ndi kapu zilowe, koma makiyi a nyumba asalowe mu sutikesi imeneyo. Ndipo mwana akafika uko n'kupeza kuti bulangete latsala, inu muli kuno mukuti koma ndinaliona pabedi. Eee linali pabedi, silinalowe.

Ine zinandichitikira ndendende. Ndinalemba kapulogalamu ka Python kosindikiza ma lisiti, kophweka, kamatenga dzina la kasitomala ndi ndalama n'kuziika mu fayilo ya HTML imene ndinaikonza bwino ndi logo pamwamba. Pa laputopu yanga kankagwira ngati mphepo. Ndinapanga phukusi, ndinatumiza, ndinagona mtima uli m'malo. Mawa lake m'mawa foni, achimwene pulogalamu yanu ikukana, ikulemba FileNotFoundError, kutanthauza kuti pali fayilo imene sikupezeka. Ine n'kuyankha zija tonse timayankha, koma kuno ikugwira. Tinakangana pafupifupi tsiku lonse, ine ndikuti mwaika molakwika, iwo akuti tatsata zonse munanena. Madzulo ndi pamene ndinaganiza zotsegula phukusi lenilenilo limene ndinatumiza, ndipo munali mafayilo a .py okhaokha, foda ya templates mulibe, logo mulibe. Manyazi anandigwira, anthu aja sanalakwe chilichonse.

Chifukwa chake n'chiyani. Setuptools, chida chimene ambiri timamangira ma phukusi a Python, chimatola chokha zinthu zimene chikuzidziwa, mafayilo a khodi a .py, pyproject.toml yomwe ndi fayilo ya makonzedwe a projekiti, README yofotokoza pulogalamu, laisensi. Koma HTML, zithunzi, ma fonti, JSON, CSV, mafayilo omasulira pulogalamu m'Chichewa, zimenezo sichidziwa kuti n'zofunika pokhapokha muchiuze. Ndipo chimene chinandinamiza ine ndi choti ndinaika pulogalamuyo ndi pip install -e, ija imangoloza ku foda yanu yomwe mukugwiriramo ntchito, ndiye chilichonse chimapezeka chifukwa chili pompo. Mukuyesa foda, simukuyesa phukusi. Ndi zinthu ziwiri zosiyana ndipo ngati pali chimodzi choti mutenge lero ndi chimenechi.

Tsopano ku Python phukusi limabwera mitundu iwiri, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka kwambiri ndiye ndichedwepo pang'ono. Pali sdist, fayilo yothera ndi .tar.gz, imeneyo ili ngati chimanga chosagaya, wolandira ayenera kupita nacho kuchigayo, ndiye kuti kompyuta yake imange yokha. Ndiye pali wheel, yothera ndi .whl, umenewo ndi ufa wogayagaya, pip imangomasula n'kuika pamalo. Wheel yo musaiope, ndi zip wamba anangoisintha dzina, mutha kuitsegula ndi unzip. Mu sdist mumafunika zonse zomangira, mafayilo a C ngati alipo, ma test ngati mukufuna, zolemba zofotokoza. Mu wheel mumafunika zokhazo zimene pulogalamu ikufuna ikamathamanga.

Fayilo ija yotchedwa MANIFEST.in imalamulira sdist. Mumalembamo mizere yaifupi, include kutanthauza lowetsa ichi, exclude chotsa ichi, graft tenga foda yonse ndi zamkati mwake, prune dula foda yonse, recursive-include tenga mafayilo a mtundu wakuti paliponse pansi pa foda iyi, global-exclude chotsa paliponse pomwe wapezeka, mwachitsanzo ma .pyc aja. Mizereyi imawerengedwa kuyambira pamwamba kutsika, ndiye mukalemba prune pamwamba kenako graft ya foda yomweyo pansi, mwadula n'kubwezeranso, dongosolo lake ndi lofunika. Koma tcheru apa, kulemba fayilo mu MANIFEST.in sikutanthauza kuti yalowa mu wheel. Kuti ilowe mu wheel pamafunika include-package-data ikhale yoyatsa, komanso fayiloyo ikhale mkati mwa foda ya package yeniyeniyo, osati pambali. Kuyambira setuptools 61 ya mu 2022, ngati mukukonzera zonse mu pyproject.toml imakhala yoyatsa kale, koma ngati mukadali pa setup.py, fayilo ya njira yakale, muyenera kuyatsa nokha. Njira ina ndi kulemba package-data mwachindunji, kunena kuti mu package iyi tenga templates/*.html, ndipo ine ndimakonda imeneyi chifukwa aliyense wowerenga akuona chimene chikulowa popanda kulota.

Palinso kamsampha kena kamene kanandidyera maola. Setuptools imasunga mndandanda wa mafayilo mu foda ya .egg-info, fayilo yake SOURCES.txt, ndiye nthawi zina mwachotsa chinthu mu MANIFEST.in koma chikungolowabe ngati mfiti, chifukwa mndandanda wakale ukadalipo. Fufutani .egg-info, build ndi dist, mumangenso poyambira.

Inde achemwali kumbuyoko, funsani. Akuti bwanji osangolowetsa zonse kuti pasatsale kanthu. Funso labwino, ndipo ndi pamene pali vuto lachiwiri, lomwe ndi loopsa kuposa loyamba. Bulangete likatsala mumangotumiza pa basi mawa lake. Makiyi a nyumba akapita ndi nkhani ina.

Mu foda ya projekiti mumakhala zinthu zambiri zomwe si za anthu. Fayilo ya .env momwe mwasungamo pasiwedi ya database ndi kiyi ya API yotumizira ma SMS kapena yolandirira ndalama za pafoni. Ka database ka SQLite kamene munkayesera koma muli maina ndi manambala enieni a makasitomala. Ma log. Fayilo ija munaitcha backup_final_final.sql, musaseke, ndikudziwa ena muli nayo. Kiyi ya SSH imene munaikopera mmenemo tsiku lina mwachangu. Mukanena kuti graft zonse, zonsezi zapita, ndipo PyPI ndi npm, kumene timatumiza ma phukusi a Python ndi a JavaScript, ndi misika yapoyera, aliyense padziko atha kutsitsa, komanso pali ma pulogalamu amene ntchito yawo ndi kungofufuza ma phukusi atsopano kusaka ma kiyi oiwalidwa. Madzi akatayika saoleka. Mutha kufufuta pa PyPI inde, koma pali makompyuta ena amene amakopera zonse zoikidwa kumeneko, ndipo dzina la fayilo lomwelo PyPI sikulolani kuligwiritsanso ntchito, muyenera kukweza nambala ya version. Ku npm nakonso kuchotsa n'kophweka mkati mwa maola 72 okha, kupitirira apo pali malamulo okhwima, ndipo version imene mwachotsayo simungaibwezerenso. Anayamba kukhwimitsa malamulo ochotsera pambuyo pa chipwirikiti cha mu March 2016 pomwe kaphukusi ka mizere 11 kotchedwa left-pad kanachotsedwa ndipo ma projekiti ambirimbiri anasiya kumangika. Ndiye kiyi ikatuluka musataye nthawi ndi kufufuta kokha, pitani mukaiphe kiyiyo, mupange ina, tsiku lomwelo.

Amene muli ku JavaScript, imikani manja ndikuoneni, eya ndinu ambiri, kwanu zinthu zili mozondoka. Python ikapanda kuuzidwa imatenga zochepa, npm ikapanda kuuzidwa imatenga pafupifupi zonse za mu foda. Zilipo zimene imasiya yokha monga .git, node_modules ndi .npmrc, ndipo zilipo zimene imalowetsa nthawi zonse monga package.json, README ndi laisensi, koma .env siili pa mndandanda wa zosiyidwa zokha. Chimene chimakupulumutsani ndi choti npm imawerenga .gitignore yanu, mndandanda wa mafayilo amene Git, chida chosungira mbiri ya khodi, isawatenge. Ndiye tamverani msampha wake, tsiku limene mwapanga .npmignore, mndandanda wa zimene npm isiye, mwina mukungofuna kuchotsa foda ya ma test, npm imasiya kuwerenga .gitignore ya pamenepo n'kuyamba kumvera .npmignore yokha. Ndiye .env ija imene inali yobisika bwinobwino kwa miyezi yalowa mu phukusi, inu osadziwa, Git ikuonetsa zonse zili bwino chifukwa ku GitHub, kumene mumasunga khodi pa intaneti, sinapiteko.

N'chifukwa chake ine .npmignore sindiifuna n'komwe. Mu package.json muli malo otchedwa files, mumalembamo zokhazo zimene zilowe, mwachitsanzo dist basi. Kusiyana kwake ndi kwa mlonda wa pa geti. Wina mwamupatsa maina a anthu oletsedwa, ndiye aliyense amene sali pa pepalapo akulowa, ngakhale wakuba watsopano. Wina mwamupatsa maina a oitanidwa, mlendo aliyense akudikira panja mpaka mutabwera kudzamuona. Mukaiwala dzina pa pepala la oitanidwa pulogalamu ikana kugwira ndipo mudziwa msanga, zowawa koma zokonzeka. Mukaiwala pa pepala la oletsedwa palibe chimene chikulira, zonse zili zii, mpaka tsiku limene mwapeza kuti wina watumiza ma SMS masauzande pa akaunti yanu. Ogwiritsa ntchito Docker, chida cholongedza pulogalamu pamodzi ndi zonse zoiyendetsera, nanunso nkhani ndi yomweyi, COPY ya kadontho ija, yokopera foda yonse, imakokolola zonse ngati mulibe .dockerignore.

Chinthu china ndi kukula. PyPI imalola fayilo imodzi mpaka 100 MB pokhapokha mutapempha kuti akuwonjezereni, koma kwa ife malire enieni si amenewo, malire ndi bandulo ya munthu. Tonse pano tikudziwa kuwawa kwa kulemba install n'kuona ma MB akutsika, netiweki n'kudukanso pakati muyambirenso. Ndiye ngati pulogalamu yanu ndi ya 200 KB koma mwalowetsamo mavidiyo a demo, ma screenshot ndi data yoyesera, mukudyera anzanu ndalama pa zinthu zomwe sadzazitsegula n'komwe, ndipo aliyense woika akulipira payekha. Zithunzi za README zisiyeni ku repo, kumene mumasunga khodi yanu. Ma test, anthu amatsutsana, ine maganizo anga ndi oti mu sdist alowe chifukwa amene amalongedzanso mapulogalamu ku Debian kapena Fedora, mitundu ya Linux, amafuna kuwayendetsa, koma mu wheel asalowe.

Laisensi yokha musaiwale, ndi kafayilo kakang'ono koma ndi nkhani ya malamulo. Ngati mwatenga khodi ya munthu ya laisensi ya MIT n'kuiika mkati mwa yanu, laisensiyo imanena kuti mawu ake a umwini ayende limodzi ndi khodiyo. Ma fonti nawonso ali ndi ma laisensi awo, si fonti iliyonse ya pa kompyuta yanu imene mukuloledwa kugawa.

Tsopano mwambo wanga ndisanatumize chilichonse, ndipo sutenga mphindi 5. Ndimalemba python -m build, ndipo ubwino wa lamulo limeneli ndi woti limayamba lamanga sdist kenako wheel kuchokera mu sdist yo, ndiye chimene chasowa mu sdist chimaonekera. Kenako tar -tzf pa fayilo ya .tar.gz, unzip -l pa wheel, ndiwerenge mndandanda wonse ndi maso anga mzere ndi mzere, ndikudzifunsa ziwiri, chasowa n'chiyani ndipo ichi chikutani muno. Ku npm ndi npm pack --dry-run, imakuonetsani mafayilo onse ndi kukula kwake osatumiza kanthu. Ndikatero ndimapanga venv yatsopano, malo apadera oikamo ma phukusi a Python, ndituluke mu foda ya projekiti, izi n'zofunika, mutuluke, pitani ku /tmp kapena kulikonse, chifukwa mukakhala momwemo Python itola khodi ya mu foda n'kukunamizaninso ngati mmene inandinamizira ine. Ndiike wheel ija, ndiyendetse pulogalamu ngati mlendo, ndisindikize lisiti imodzi ndione logo ndi maso. Pali kachida kotchedwa check-manifest kamene kamafananiza zili mu Git ndi zili mu sdist, n'kothandiza, ndipo pali TestPyPI yoyeserapo kutumiza, kungoti nayonso ndi yapoyera ndiye musamati poti ndi yoyesera ndiponyamo zilizonse.

Achimwene apa akufunsa za setuptools-scm, ija imangotenga zonse zimene Git ikuzitsata. Ndi yabwino, imachepetsa ntchito ya MANIFEST.in, koma dziwani kuti mwangosamutsa udindo, tsopano chilichonse chimene munachita commit, kusunga mu Git, mwangozi chalowanso. Ndiye kutsegula phukusi kuja sikuthawika.

Nthawi yatha eti, a wapampando akundiyang'ana. Tisanapite ku tiyi ndikufuna munthu mmodzi wolimba mtima amene ali ndi projekiti pa laputopu abwere kutsogolo kuno tilumikize ku pulojekita, timange phukusi lake tonse tikuona, tiwerenge mndandanda limodzi. Ngati muli .env musadandaule sititsegula, tingoona dzina lokha. Eya achemwali aja a funso, bwerani nayo, chingwe cha HDMI chili apa.