Nthaka ikagwedezeka, kireni ya kudenga imatani?

Moni abale anga a ku Moatize, ku Ulongwe ndi mu mzinda wa Tete. Tiyeni tilowe mu shedi yokonzeramo zimagalimoto za ku mgodi wa malasha. Kwezani maso. Chitsulo chopingasa chija, cha mawilo uku ndi uku, ndi kireni, pa Chipwitikizi amati ponte rolante. Imayenda pa njanji ziwiri zogonekedwa pamwamba pa mizati.

Wina akuti, kuno zivomerezi n'zachilendo. Ayi ndithu. Mng'alu waukulu wa nthaka womwe muli Nyanja ya Malawi umatsikira mpaka m'dziko lathu lino la Mozambique. Mu February 2006, ku Machaze m'chigawo cha Manica, oyandikana nafe, kunagwedezeka mpaka 7.0 pa mlingo woyezera mphamvu ya zivomerezi.

Taganizirani mayi wasenza ndowa yodzaza, wina n'kumusolola mphasa yomwe wapondapo. Mapazi apita, ndowa itsalira, khosi ndiye liona zakuda. Shedi nayo chimodzimodzi. Maziko amatsata nthaka, kireni yolemera ija ili m'mwamba imafuna kukhala pomwe inali, ndipo mizati ndiyo khosi.

Ambiri amaopa katundu wolendewera ku chingwe. Koma iyeyu amangopendeka pang'onopang'ono ngati katungwe, sakankha kwambiri mizati cham'mbali. Vuto lake limabwera nthaka ikadumphira m'mwamba: chingwe chimakhwefuka, kenaka n'kukungika mwadzidzidzi. Chokankha zenizeni ndi thupi la kireniyo. Ikaima kumapeto kwa shedi, kulemera kumakhala mbali imodzi, nyumba imapotoka ngati nsalu yofinyidwa. N'chifukwa chake injiniya amawerengetsa kangapo: kireni ili pakati, ili kumapeto, yanyamula, ilibe kanthu.

Pafupi ndi mawilo amaikapo zokowera zogwira kunsi kwa njanji kuti isadumphe n'kugwera anthu. Pansi, mabawuti aatali amamangirira mzati ku konkire. Ngati malowo ndi amchenga wonyowa wa m'mbali mwa Zambezi, maziko azame, chifukwa mchenga wotere ukagwedezeka umasanduka phala.

Tsopano onani khomali. Zitsulo ziwiri zopingasana ngati X. Izi ndizo zimagwira shedi m'litali mwake, ngakhale pamene kireni yamanga mabuleki. Ndipo izi zomwezi ndi zomwe anthu amakonda kudula akafuna khomo latsopano lolowera galimoto. Mukaona wowotcherera akuziyandikira ndi galayinda, mufunseni kuti injiniya wavomera liti.