Mwaika Chigamba pa Seva, Koma Wakuba Anatuluka?

Moni nonse. Lero tikambirane za pulogalamu imene imaima pakhomo la seva yanu (kompyuta imene imatumikira makompyuta ena pa intaneti), ija imafunsa dzina ndi pasiwedi munthu asanalowe. Ikapezeka ndi chiboo, aliyense amadziwa kuti aike chigamba, chimene akatswiri amati patch. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amathera pomwepo.

Taonani pa sikirini apa. Ndalemba pasiwedi, ndalowa. Ndikutsegula tsamba lina, koma sakundifunsanso. Chifukwa chake n'chakuti seva yandipatsa kachiphaso kotchedwa session token, kamene kakusungidwa mu browser yangayi, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Aliyense amene angapezeke ndi kachiphasoka, seva imutenga kuti ndine.

Zimenezi n'zomwe zinachitika ndi NetScaler, makina olondera pakhomo a kampani ya Citrix. Pa 10 Okutobala 2023 anatulutsa chigamba cha chiboo cha CVE-2023-4966, chimene chinadzatchuka ndi dzina loti Citrix Bleed. Wachiwembu ankatumiza pempho lokonzedwa mwachinyengo, makinawo n'kulavula zimene zili mu memory (malo amene makina amasungamo zinthu kwakanthawi akamagwira ntchito), pamodzi ndi ziphaso za anthu amene alowa kale. Pasiwedi sankaifuna. Ngakhale nambala yotsimikizira ija imabwera pa foni inalibe ntchito, popeza mwini wake anali atailemba kale. Akatswiri a ku Mandiant, kampani ya chitetezo cha makompyuta, anapeza kuti achiwembu anayamba kudzera pachiboocho kumapeto kwa Ogasiti, chigamba chisanabwere. Ndiye mvetserani apa: chigamba chinatseka chiboo, koma ziphaso zobedwa kale zinkatsegulabe khomo mpaka eni makina atathetsa ma session onse, kutanthauza kutulutsa aliyense amene analowa.

Choncho mukaika chigamba, musanyamuke pampando. Zimitsani pulogalamuyo n'kuiyatsanso, chifukwa imene ikuyenda mu memory ikadali yakale ija ngakhale fayilo yasintha. Kenako tulutsani aliyense amene walowa, alowenso mwatsopano. Anthu adandaula, inde, koma apirire mphindi imodziyo. Ngati chiboocho chinkatulutsa zinsinsi, sinthaninso makiyi obisira uthenga ndi ma pasiwedi. Chiboo chotchedwa Heartbleed cha mu OpenSSL, pulogalamu yobisa uthenga pa intaneti, chitadziwika mu Epulo 2014, eni ma seva anayenera kupanga makiyi atsopano ndi kuthetsa ziphaso zakale za certificate, zija zimatsimikizira kuti seva ndi yeniyeni.

Musaleke kuwerenga zilengezo za opanga pulogalamu sabata imeneyo. Mu Okutobala 2021, pulogalamu yoyendetsa seva za masamba a pa intaneti ya Apache 2.4.49 inapezeka ndi chiboo, 2.4.50 inatuluka kudzachitseka koma sinatseke bwinobwino, ndipo patangopita masiku ochepa panatuluka 2.4.51.

Tsopano tsegulani ma log, mafayilo amene seva imalembamo zochitika, mubwerere m'mbuyo milungu ingapo chigamba chisanatuluke. Muzifufuza session imodzi imene ikuoneka pa ma IP (ma adiresi a makompyuta pa intaneti) awiri osiyana, kapena akaunti ya admin (woyang'anira makina) imene palibe wa kuntchito kwanu akukumbukira kuti anaitsegula. Mukaipeza, chotsani sevayo pa intaneti kaye, koma ma log amenewo musafufute.