Musanayambe kufananiza DNA, onetsetsani reference genome yanu

Mwaswera bwanji achimwene ndi achemwali nonse a m'malabu kuno ku Harare. Uthengawu utalikako, ndiye pezani pokhala ndi cholembera. Ndikulankhula makamaka kwa inu amene mwangolandira mafayilo a FASTQ (mafayilo a zilembo za DNA zimene makina awerenga) ndipo mtima uli m'mwamba kufuna kuyamba lero lomwe.

Makina a Illumina amatulutsa tiziduswa ta DNA mamiliyoni ambirimbiri, kalikonse ka zilembo pafupifupi 150, tosakanikirana. Pulogalamu ngati BWA imatenga kachiduswa kalikonse n'kukapezera malo pa reference genome, yomwe ndi DNA yonse ya chamoyocho imene inawerengedwa kale kuti tiziyerekezerapo. Ndiye chilichonse chimene mudzanene, kaya kuti apa chilembo chasintha kapena apa pasoweka, mudzanena poyerekeza ndi reference imeneyo. Mukasankha yolakwika, nthawi zambiri kompyuta imangopitiriza ntchito, zotsatira n'kutuluka zooneka bwinobwino. Apa mpamene pagona vuto.

Reference ya munthu ilipo mitundu itatu imene mukumane nayo: GRCh37 ya mu 2009, GRCh38 ya mu 2013, ndi T2T-CHM13 ya mu 2022, imene inadzaza mipata ya zilembo pafupifupi 200 miliyoni. Manambala a malo amasiyana. Chilembo chimene chimayambitsa matenda a sickle cell, mu jini ya HBB pa chromosome 11, chili pa 5248232 mu GRCh37, koma mu GRCh38 chili pa 5227002. Zili ngati manambala a nyumba ku Mufakose atasinthidwa, inu n'kupita ndi nambala yakale: mugogoda ndithu, koma akutsegulirani ndi eni ena.

Mnzanu akakupatsani fayilo ya BAM (fayilo ya tiziduswa tofananizidwa kale ndi reference), musangomva zapakamwa kuti ndi ya mtundu wakuti. Lembani samtools view -H, muyang'ane mizere yoyamba ndi @SQ. Chromosome 1 ikakhala ya zilembo 249250621, imeneyo ndi GRCh37. Ikakhala 248956422, ndi GRCh38. Pomwepo onaninso kalembedwe ka mayina. Mwa malo otsitsirako reference, a UCSC amalemba chr1, a Ensembl amangolemba 1. Mukaphatikiza FASTA (fayilo ya zilembo za reference) ya uku ndi GTF (fayilo yosonyeza malo a majini) ya uko, pulogalamu yowerengera majini siipeza dzina lofanana, ndipo mungaone ziro kuyambira pamwamba mpaka pansi. Tengani mafayilo onse awiri pamalo amodzi, a mtundu umodzi.

Tsopano za kutsitsa fayilo pa intaneti. Ndi mmene magetsi amazimirazimira kunoku, fayilo imatha kudukira panjira koma dzina lake n'kumaonekabe mufoda. Tsitsani ndi wget -c kuti ipitirire pomwe inalekezera, kenako muyendetse md5sum, imene imatulutsa nambala yozindikiritsa fayilo (md5), n'kufananiza ndi nambala imene eni fayilo anaika pambali pake. Zikasiyana ngakhale chilembo chimodzi, fufutani muyambirenso. Ntchito ya bwa index, yokonzera BWA kalozera wa reference ya munthu, imatenga ola kapena kuposa, ndiye iyambeni kompyuta ili pa inveta, ndipo RAM isachepere 8 GB. Mukasintha kanthu mu FASTA, index yakale yatha ntchito, pangani ina.

Ngati zotsatira zakale zili pa GRCh37 ndipo FASTQ mudakali nazo, fananizaninso kuyambira pachiyambi pa GRCh38. LiftOver, imene imangosamutsa manambala a malo kuchoka pa reference ina kupita pa ina, isiyireni pamene FASTQ zinatayika, chifukwa malo ena amagwera panjira.

Pali nkhani ina imene imatikhudza ife kwambiri, ndipo ndikupemphani muimvetsetse. Pafupifupi magawo 70 pa 100 a GRCh38 anachokera kwa munthu mmodzi wa ku Buffalo ku America. Pomwe kuno ku Africa ndi kumene DNA ya anthu imasiyanasiyana kuposa kwina kulikonse. Ofufuza atawerenga DNA ya anthu 910 a mtundu wa ku Africa, anapeza zilembo pafupifupi 296 miliyoni zimene mu reference mulibe. Tanthauzo lake pa benchi panu ndi ili: kachiduswa kosiyana kwambiri ndi reference kamalephera kupeza malo, kapena kamakakamira pamalo olakwika, ndipo kusintha kwenikweni kwa wodwala wanu kumabisika. Choncho yendetsani samtools flagstat muone kuti tiziduswa tingati tasowa malo, n'kutitulutsa ndi samtools view -f 4 mutisunge. Musatitaye. Tina ndi ta mabakiteriya amene analowerera, koma tina ndi ta munthuyo. Pangenome ya mu 2023, reference yophatikiza DNA ya anthu 47, inapangidwa pofuna kuchepetsa vuto lomweli.

Inu a HIV, HXB2, reference yodziwika ya kachilomboka, ndi ya mtundu wa subtype B, pomwe kachilombo kofala kuno kummwera kwa Africa ndi ka subtype C. Fananizani tiziduswa tanu ndi reference ya C, makamaka mu jini ya env momwe mumasinthasintha kwambiri, koma polemba lipoti gwiritsani ntchito manambala a HXB2 kuti aliyense akumveni. Inu a chifuwa chachikulu, reference yanu ndi H37Rv, NC_000962.3, ya zilembo 4.4 miliyoni. Phimbani majini a PE ndi PPE musanawerenge kusiyana kwa odwala awiri, chifukwa zilembo zake n'zobwerezabwereza ndipo tiziduswa timasochera mmenemo. Samalaninso ndi jini ya rpoB. S531L ya m'mapepala akale ndi S450L ya masiku ano ndi kusintha kumodzi komweko kokana mankhwala a rifampicin, kungoti manambala akalewo anatengera bakiteriya wa E. coli. Musakuwerenge kawiri.

Amene mukugwira chamoyo chimene genome yake sinapendedwe mokwanira, kaya ndi mbewu yakumudzi kapena nkhupakupa ya ng'ombe, musadalire N50 yokha. N50 imangonena kutalika kwa zidutswa zimene zapanga reference, ndipo zidutswa zolumikizidwa molakwika nazonso zimatalika. Yendetsani pulogalamu ya BUSCO muone majini ofunika amene apezeka athunthu. Akachepera 90 pa 100, jini imene simukuiona ikhoza kukhala kuti yasowa mu reference mokha, m'chamoyomo ilimo.

Mukamaliza, tsegulani fayilo ya README mufoda ya ntchitoyo. Lembanimo dzina la reference, accession yake (nambala yoizindikiritsa, ngati NC_000962.3) pamodzi ndi nambala ya pambuyo pa kadontho, kumene munaitenga, tsiku lake, ndi md5. Zomwezo muzikopere m'buku la mu labu, ndipo potumiza BAM kapena VCF (fayilo ya kusintha kumene mwapeza) kwa mnzanu, README ipite limodzi.